Mawu Ochokera Kulikulu

Mvula yowaza inali itayamba m'bandakucha, ndipo pofika leveni koloko m'mawa inali isanaganize zoleka kapena zogwa zenizeni. Magalasi a pakhomo la banki anachita nthunzi, ndipo aliyense wolowa ankayamba wapukuta nsapato, kenako n'kuyang'ana mzere ngati wamulakwira. Ine ndinali pa desiki ya pakona, pamene anthu amabweretsa madandaulo awo: khadi lomezedwa ndi makina, nambala yachinsinsi yoiwalika, ndalama zotumizidwa kwa munthu wolakwika. Ndinali nditagwirapo miyezi inayi, ndipo ndinali ndidakali pa nthawi yoyesedwa, imene munthu angathe kuchotsedwa ntchito ndi kalata ya mizere itatu.

Kumbuyo kwa mpando wanga kunali chikwangwani chimene ndinakhoma ndekha sabata yanga yoyamba. Chinkanena kuti banki siimbira munthu foni n'kumufunsa nambala yachinsinsi, ndiponso kuti nambala imene imabwera pa foni potsimikizira malipiro si youza wina aliyense, ngakhale wogwira ntchito ku banki komweko. Mawu amenewa ndinkawanena kwa anthu osachepera khumi pa tsiku, moti mnzanga wa desiki yoyandikana nayo, mtsikana amene tonse tinkamutchula kuti Chidindo chifukwa cha mmene ankamenyera mapepala, ankati ndikadzafunsira mbeta ndidzayamba ndi mawu omwewo.

Foni yanga inanjenjemera m'dirowa. Pa ntchito sitiloledwa kuyankha, koma inanjenjemera katatu, ndipo woimbayo anali mlongo wanga wamng'ono, amene amagulitsa mankhwala mu famase moyang'anizana ndi shopu ya bambo. Ndinapita kuseri, pafupi ndi makina okopera mapepala.

"A Banki, mwatanganidwa?" anatero, pondiitana ndi dzina limene amandiseka nalo.

"Ndili pa ntchito. Kwagwanji?"

"Bambo atseka shopu."

"Mwina apita kukagula mabatire."

"Atseka ali m'kati. Ndagogoda, anditsegulira pang'ono chabe, foni ili kukhutu. Akuti ndibwerere ku mankhwala anga. Nditangotembenuka andiitananso n'kundiuza kuti, 'Mchimwene wako usamuuze.' Ndiye ndakuuzani."

"Usandiuze chiyani?"

"Ndikanadziwa bwenzi ndikuwononga mayunitsi anga? Koma khadi la ku banki lili pa tebulo, ndipo kagalasi kawo kali padiso. Achimwene, khadi linayamba liti kukonzedwa ngati wotchi?"

Bambo anali atakonza mawotchi kwa zaka makumi atatu m'kachipinda kamodzi komweko. Chaka chathacho diso lawo lamanzere linachita ng'ala, ndipo lamanja nalo linayamba kuona ngati m'chipinda muli utsi. Dokotala anati maso onse awiri angathe kuchitidwa opaleshoni, ndipo anawapatsa tsiku kumapeto kwa mwezi. Ndalama zake anazisonkhanitsa pang'onopang'ono, ndipo poyamba ankazisunga m'chitini cha masipuling'i akale. Ndine amene ndinawanyengerera kuti azichotse m'chitinimo n'kukaziika ku banki. Ndinenso amene ndinawaikira banki pa foni, n'kuwatsimikizira kuti tsopano wakuba alibe pogwira.

Ndinagogoda pa ofesi ya amanejala n'kupempha ola limodzi. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo kwa nthawi imene inandionekera yaitali.

"Ola la pa wotchi kapena la pakamwa?"

"La pa wotchi, mayi."

"Poti ndinu mwana wa wokonza mawotchi, tiona. Pitani."

Kuchokera ku banki kukafika ku shopu ndi ulendo wa mphindi khumi ndi zisanu wapansi. Ndinadutsa ogulitsa maambulera, amene amatulukira mvula ikangodontha ngati anabisala pansi pa msewu, ndinalumpha ngalande imene inali itatsekeka ndi mapepala, ndipo ndinafika nsapato zitalowa madzi. Shopu ya bambo ili pakati pa wosoka nsapato ndi malo ometera. Wosoka nsapatoyo anandilozera chitseko ndi chingano chake.

"Amdala anu lero akubisa nthawi," anatero. "Ndafunsa kuti ili bwanji, sanandiyankhe."

Ndinagogoda katatu ndisanadzitchule. Loko analira, ndipo bambo anatsegula n'kubwerera ku mpando wawo osandiyang'ana. M'kati munkanunkha mafuta a makina ndi chinyontho. Pakhoma pali mizere ya misomali, ndipo pa msomali uliwonse pamalendewera wotchi yokhala ndi kapepala ka nambala. Bambo amang'amba kapepalako pakati, theka n'kupatsa mwini wotchi. Wobwera ndi nambala yolondola amatenga wotchi, kaya ndi mwini wake, kaya mwana wake, kaya wantchito wake. Wobwera wopanda nambala amabwerera chimanjamanja, ngakhale atavala suti. Pa zaka zonsezo sanapatsepo munthu wotchi yosakhala yake, ndipo zimenezi ankazinyadira kuposa luso la manja awo.

"Wakuuza ndi mlongo wako," anatero, osati mofunsa. "Mwana ameneyo pakamwa pake panaguluka loko."

"Bambo, mumalankhula ndi ndani?"

"Khala pansi. Wanyowa."

Ndinakhala pa kampando ka makasitomala. Foni inali pa nsalu yobiriwira imene amagwirirapo ntchito, pakati pa tizipangizo tawo tomasulira, ndipo khadi linali pambali pake. Kagalasi kokulitsa zinthu kanali katasiya mzere wofiira kuzungulira diso lawo lamanja.

"Pali munthu akutithandiza," anatero. "Wa kulikulu kwanu, ku ofesi yofufuza. Munthu waulemu kwambiri. Iwe usachite manyazi, zinthu izi zimachitika. Pofika madzulo zikhala zitatha, ndipo amanejala ako sadziwa kanthu."

"Zinthu ziti?"

Anatenga kansalu n'kuyamba kupukuta galasi la wotchi imene inali kale yoyera. Anandifotokozera ali weramu. Munthuyo anaimba itangokwana naini koloko. Anati pofufuza apeza kuti ndalama za makasitomala ena zinasowa pa desiki yanga, ndipo zinadutsira mu akaunti ya bambo. Anati iyenso ndi kholo, ndipo sakufuna kuona mnyamata wophunzira akukwera galimoto ya apolisi chifukwa cha kulakwa kumodzi. Njira inalipo: bambo angomuwerengera nambala zimene zizibwera pa foni, iye abweze ndalamazo mwakachetechete, fayilo itsekedwe. Nambala yoyamba anali atawerenga kale. Yachiwiri, yomaliza, munthuyo anati aimbanso thwelofu koloko.

Ndinayang'ana khoma. Mawotchi ambiri ankagwirizana kuti kwatsala mphindi makumi awiri ndi zisanu.

"Bambo, palibe ndalama zimene zasowa pa desiki yanga. Munthu ameneyo si wa ku banki. Ndi wakuba."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamva zimene ankayembekezera.

"Anandiuza kuti udzanena choncho."

"Wakuba aliyense amanena choncho."

"Anatinso udzanena zimenezo."

Ndinapempha foniyo. Anazengereza, kenako anaikankhira kwa ine ndi chala chimodzi. Ndinatsegula uthenga umene unabwera ndi nambala yoyamba ija, n'kuwawerengera mokweza mawu ali pansi pake, onena kuti nambalayi isauzidwe kwa wina aliyense. Bambo anati munthuyo anawafotokozera kale kuti mawuwo analembera anthu wamba, osati nkhani za kulikulu. Ndinatsegula akaunti n'kuwaonetsa kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama za maso awo linali litachoka, kupita ku dzina limene tonse sitinkalidziwa. Anaika kagalasi padiso, anayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti nazonso anawauza: ndalama zimayamba zatuluka kaye, kenako zimabwerera zonse pamodzi. Ndinati tiyeni ku banki tsopano lino mukafunse amanejala ndi pakamwa panu. Anati kumeneko ndiye kosapondako, chifukwa amanejala akangomva, lamulo liwakakamiza kuitana apolisi.

Khomo lililonse limene ndinkagogoda, munthuyo anali atafikapo kale n'kulikhoma. Ku desiki kwanga ndinali nditamva nkhani zoterezi kambirimbiri, koma nthawi zonse zinkandipeza zitatha, munthu atagwira kale fomu ndi mpango wopukutira misozi. Ndinali ndisanaonepo mmene zimaonekera zili pakati, munthu akuziteteza ndi nzeru zake zonse.

"Chakukhulupiritsani n'chiyani kwenikweni?" ndinafunsa.

"Nambala." Anagogoda khadi ndi chikhadabo. "Wanditchulira manambala anayi omaliza a khadi ili, ine ndisanatsegule pakamwa. Ndinaika galasi n'kuona, ndipo anali omwewo. Wanditchulira dzina lako, nthambi yako, ndi mwezi umene unayamba ntchito. Munthu wa mumsewu angadziwe bwanji zimenezo? Ine pano munthu akabwera ndi nambala yolondola, sindimufunsa mtundu wake."

"Dzulo kapena dzana, munalandirako uthenga wochokera ku banki?"

Anati inde, dzana madzulo. Unkanena kuti akaunti itsekedwa ngati satsimikizira kuti ndi yawo, ndipo unali ndi mawu abuluu oti adinepo. Anadina. Panatseguka tsamba lokhala ndi chizindikiro cha banki ndi mitundu yake yomwe. Analemba dzina, nambala ya foni ndi manambala a khadi, ndipo zinawatengera theka la ola chifukwa cha maso.

"Bwanji simunandifunse?"

"Uli ndi ntchito yako. Ndizikuitana pa chilichonse ngati ndine khanda?"

Ndinaupeza uthengawo. Sunachokere ku dzina la banki koma ku nambala wamba ya foni, ndipo adiresi ya tsambalo inali yaitali, yokhala ndi dzina la banki pakati pa mawu ena osamveka. Ndinawaonetsa zonsezi.

"Nambala imene wakutchulirani lero, munamupatsa ndinu dzana. Zili ngati munthu wakubwerekani kapepala ka wotchi, wakakopera panja, n'kubweranso mawa lake kudzatenga wotchiyo."

"Nanga dzina lako? Nanga nthambi?"

Zimenezonso sizinali zovuta kuzipeza. Tsiku limene ndinayamba ntchito, mlongo wanga anatijambula ine ndi bambo pakhomo la shopu yomweyi, ine nditavala chitupa cha ku ntchito pakhosi, pamwamba pathu pali chikwangwani cha shopu chokhala ndi nambala ya foni ya bambo. Anaika chithunzicho pa tsamba lake la mchezo, poonekera aliyense, ndi mawu onyadira mchimwene wake wa ku banki. Anthu oposa mazana awiri anachikonda. Bambo anachisindikiza, ndipo chinali pakhoma pomwepo, pakati pa mawotchi.

Anachiyang'ana chithunzicho, kenako anayang'ana ine. Kwa nthawi yoyamba m'mawa umenewo anandiyang'ana m'maso, ndi diso limodzi loyera ngati mkaka ndi lina lotopa.

"Zimene ukunenazi zikumveka," anatero. "Unaphunzira, umadziwa kulongosola. Koma ndikufunse chinthu chimodzi. Ukanakhala kuti watengadi, ukanandiuza?"

Ndinachedwa kuyankha, ndipo bambo anaona kuchedwako.

Ndili m'chaka chachiwiri ku koleji ndinalephera mayeso awiri, ndipo anandiimitsa teremu yathunthu. Sindinauze munthu. M'mawa uliwonse ndinkavala, kunyamula chikwama, n'kukakhala mu laibulale ya mumzinda mpaka madzulo. Bambo anadziwa patapita miyezi itatu, kalata itafika ku shopu. Sanandikalipire ngakhale pang'ono. Anagulitsa makina awo abwino kwambiri, opera tizitsulo ta mawotchi, n'kundilipirira kuti ndibwereze, ndipo nkhaniyo sitinaikambeponso. Kuyambira pamenepo ankadziwa chinthu chimodzi chokhudza ine chimene sindikanachitsutsa: kuti ndikamira, ndimamira mwakachetechete, tayi ili pakhosi.

"Sindinatenge kanthu, bambo."

"Sindinafunse zimenezo."

Panja galimoto inadutsa n'kuwaza madzi pachitseko. Ndinazindikira kuti sindingathe kuwatsimikizira kuti ndine wosalakwa m'mphindi zimene zinatsala, ndiponso kuti akangowerenga nambala yachiwiriyo, za maso awo zithera pomwepo. Kulanda foni ndikanatha, koma munthuyo akanadzaimbanso ine nditangoibweza.

"Chabwino," ndinatero. "Musandikhulupirire. Ndikupempha chinthu chimodzi chokha. Akaimba, muuzeni kuti mudula, ndipo muimba nokha pa nambala imene yalembedwa kuseri kwa khadili, n'kupempha kulankhula naye. Ngati alidi kulikulu, mumupeza komweko, ndipo mwataya mphindi ziwiri basi. Mukamupeza, werengani nambalayo, ine ndikhala chete."

"Kumudulira foni munthu wamkulu amene akutichitira chifundo?"

"Mupepese kaye, kenako mudule."

Anatembenuza khadi, anaika kagalasi, n'kuwerenga nambala ya kuseriyo milomo ikuyenda.

Thwelofu koloko mu shopu ya bambo simakwana kamodzi. Wotchi yaikulu ya pakhomo inayamba, ina ya kumbuyo inatsatira isanamalize inzake, ndipo kawotchi kena kosakonzedwa kanalira kasanu n'kuleka. Foni inalira phokosolo lisanathe. Bambo anapukuta manja pa thalauza asanaigwire. Ndinatambasula dzanja n'kudina kuti mawu azimveka mokweza, ndipo sanandiletse.

"Bambo athu, mwaswera bwanji?" Mawuwo anali ofatsa, a munthu wosathamanga, ndipo kumbuyo kwake kunkamveka ngati anthu akutayipa. "Pepani ndakudikiritsani. Ndamenya nkhondo kuno, koma zatheka. Nambala yomaliza ikulowa pa foni yanu pompano. Mukangondiwerengera, mwana wathu wapulumuka."

Foni inanjenjemera. Uthenga unalowa.

"Ndathokoza kwambiri, bwana," anatero bambo. "Mwatichitira zazikulu. Koma mundikhululukire, ndine munthu wachikale. Ndimati ndidule kaye, ndiimbe pa nambala ili kuseri kwa khadi, ndikupezeni kumeneko. Mungondiuza dzina loti ndikatchule."



"Bambo athu, nambala imeneyo ndi ya anthu wamba. Mukaimba kumeneko nkhani ifalikira, ndipo ine sindidzathanso kuigwira. Muli ndi munthu pamenepo?"

"Ndili ndi mawotchi."

"Nthawi palibe. Nambalayo imafa pakapita mphindi zitatu. Ikafa, fayilo ipita kupolisi lero lomwe."

"Apolisi ndimawakonzera mawotchi, bwana. Mphindi ziwiri sangazione."

"Mukusewera ndi tsogolo la mwana wanu."

"Ayi, bwana. Ndikungopempha dzina."

"Mdala iwe, werenga nambalayo. Ndataya m'mawa wonse ndi iwe."

Bambo sanasunthe. Ndinaona nkhope yawo ikusintha monga imachitira akaika wotchi kukhutu n'kumva kuti m'kati muli chothyoka. Mawuwo anapitiriza, tsopano mothamanga, akusakaniza kuopseza ndi kupepesa, kenako anatukwana. Bambo anaika foniyo pa nsalu yobiriwira mosamala, anafunafuna batani lofiira ndi kagalasi kawo, n'kulidina.

Foniyo inaliranso kawiri, ndipo tinangoiyang'ana.

"Imba ya kuseriyo," anatero.

Ndinaimba, koma analankhula ndi iwo, chifukwa akaunti ndi yawo. Mtsikana amene anayankha sanawafunse nambala yachinsinsi. Anatseka khadi ndi banki ya pa foni nthawi yomweyo, anawauza kuti ku ofesi yofufuza kulibe amene anawaimbira, ndipo anawapempha kuti apite ku nthambi ndi chiphaso chawo akalembe zimene zachitika. Za ndalama zimene zinachoka kale anati ayesa kuzitsatira, koma sanalonjeze. Bambo anamuthokoza katatu.

Anavala jekete, anakhoma shopu, ndipo tinadutsa pa famase. Mlongo wanga anatuluka atavala gauni yake yoyera.

"Ndiye? Khadi lachira?"

"Chithunzi chija uchichotse pa tsamba lako," ndinatero. "Ndikufotokozera madzulo."

Anayang'ana bambo, anayang'ana ine, ndipo nthabwala imene inali pamilomo pake anaimeza.

M'njira ndinawerengera mumtima zimene zinatsala, ndipo ndinaona kuti bambo nawonso akuwerengera. Tikuyembekezera kuwoloka msewu ananena okha, akuyang'ana kutsogolo.

"Zikwana diso limodzi."

"Zinazo mwina zibwerera. Zikapanda kubwerera, ine ndi mlongo wanga tidzaonjezera."

"Wokonza mawotchi amagwira ntchito ndi diso limodzi. Linalo ndi lokongoletsa nkhope."

Ndinayesa kuseka, koma sizinatheke bwino.

Ku banki lamulo silitilola kuthandiza wachibale, choncho ndinawaperekeza pa desiki ya Chidindo, ine n'kukhala pa yanga, mikono iwiri kuchokera pamenepo. Ola langa linali litapitirira ndi mphindi makumi anayi. Amanejala anasuzumira pakhomo la ofesi yawo, anaona bambo atagwira chipewa m'manja, n'kubwereranso m'kati. Patsogolo panga panakhala mayi wina amene khadi lake linamezedwa, ndipo ndinayamba kumulembera fomu, khutu langa lili kwina.

Chidindo, amene amaseka ndi aliyense, analankhula ndi bambo motsitsa mawu. Anawauza kuti si iwo oyamba sabata imeneyo, kuti dzana lake kunabwera mphunzitsi, ndipo sabata yatha kunabwera munthu wowerengera ndalama za kampani. Anawapatsa fomu ndi cholembera, n'kuwaonetsa bokosi lalikulu lolembamo zimene woimbayo ananena ndi chifukwa chimene anaperekera nambala.

"Mungolemba mwachidule, bambo. Kapena munene, ine ndilembe."

"Ndilemba ndekha, mwanangu."

Anatulutsa kagalasi m'thumba la jekete. Analemba nthawi yaitali, chilembo chimodzichimodzi, monga amalembera timapepala ta mawotchi. Mayi wa khadi lomezedwa anachoka, kunabwera mnyamata woiwala nambala yachinsinsi, nayenso anachoka, bambo akulembabe.

Ndondomeko imafuna kuti wa ku banki awerenge mokweza zimene kasitomala walemba asanasayine, kuti pasakhale chosiyana. Chidindo anatenga pepalalo n'kuyamba kuwerenga ndi mawu a ntchito. Anawerenga za uthenga wa dzana, za tsamba, za foni ya naini koloko. Kenako anachedwa pang'ono, ndipo mawu ake anatsika, koma mikono iwiri si patali.

"'Anandiuza kuti mwana wanga waba ndalama pa ntchito. Sindinamufunse mwanayo. Ndinakhulupirira.'" Anaima. "Bambo, mawu omalizawa si ofunikira. Tingathe kungolemba kuti anakuopsezani."

"Mwati ndilembe chifukwa chake," anatero bambo. "Chifukwa chake n'chimenecho. Musachotse."

Anasayina. Chidindo anatenga chidindo chake n'kuchiika pa pepalalo mofatsa, kopanda phokoso, ndipo aka kanali koyamba kumuona akutero. Anawapatsa kope lawo n'kuwauza kuti khadi latsopano lituluka pakapita masiku asanu.

Ndinaimirira kuti ndiwaperekeze. Tinadutsa mzere wa anthu, ndipo mlonda anatitsegulira chitseko. Pa masitepe ndinali nditakonza mawu. Ndinkafuna kuwauza kuti munthu amene wapereka maso ake kuti awombole mwana amene akumuyesa wakuba sanalakwire mwanayo. Ndinkafunanso kuwafunsa kuti zinawatengera nthawi yaitali bwanji kuti akhulupirire, ngati anayamba atsutsa kaye ngakhale kamodzi. Mawu awiriwa ankalimbirana kutuluka, ndipo palibe limene linapatsa linzake njira.

Bambo anapinda pepala lija kanayi n'kuliika m'thumba la m'kati. Anavala chipewa. Anatembenukira kwa ine, ndipo milomo yawo inayenda pang'ono ngati akuwerenga nambala yaing'ono. Ndinadikira. Kenako anagwira chitsulo cha m'mbali mwa masitepe, anatsika akufufuza sitepe iliyonse ndi phazi, ndipo analowa pakati pa anthu a mumsewu osacheuka.